Chamba: kuchiloleza, kuleka kumanga osuta, kapena kusiya zinthu mmene zilili? Mafunso ndi mayankho

Nkhani ya chamba ikangoyamba, anthu sachedwa kukwezerana mawu. Uyu akuti ndi tsamba lachilengedwe lomwe anthu akhala nalo kuyambira kalekale, uyo akuti ndi lomwe lidamuzunguzira mwana wake mutu. Aliyense amakhala akunena zimene adaona ndi maso, n'chifukwa chake palibe amagonja. Ndinene msanga pamene ndaima kuti musavutike kundifufuza: sindifuna kuti munthu azilowa m'ndende chifukwa chosuta, komanso sindifuna kuti chamba chiperekedwe kwa makampani oti azichitsatsa ngati zakumwa zoziziritsa kukhosi.

Kodi kuloleza chamba ndi kuleka kumanga osuta si chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo mikangano yambiri imayambira pa kusokoneza ziwirizi. Dziko likaleka kumanga osuta, chamba chimakhala chikadali choletsedwa. Wolima ndi wogulitsa amamangidwabe. Chimasintha n'chakuti munthu wopezeka ndi kachamba kochepa koti asute yekha sazengedwa mlandu ngati chigawenga. Amamulanda, mwina amalipira chindapusa ngati wolakwitsa pamsewu, mwina amamutumiza kwa alangizi, koma dzina lake sililowa m'kaundula wa anthu opalamula.

Chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi Portugal. Kuyambira mu Julayi 2001, wopezeka ndi mankhwala ozunguza bongo a mtundu uliwonse osaposa mlingo wa masiku 10, omwe pa chamba ndi magalamu 25, amakaonekera kwa kagulu komwe mumakhala wodziwa malamulo pamodzi ndi anthu a zaumoyo ndi a zachisamaliro cha anthu. Kaguluko kamafuna kudziwa ngati munthuyo wakodwa kapena ayi, ndipo ngati wakodwa kamamulozera kumene angathandizidwe.

Kuloleza kumapita patali kuposa pamenepo. Boma limapereka ziphaso kwa olima ndi ogulitsa, limaika zaka zoyambira, limayeza mphamvu ya chambacho, n'kumatolera msonkho. Palinso njira yachitatu, yololeza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale chokha, kusuta kuli koletsedwabe. Munthu akakuuzani kuti dziko lakuti lidaloleza chamba, mufunseni kuti akunena njira iti.

Zidayamba bwanji kuti chamba chiletsedwe pafupifupi kulikonse?

Anthu akhala akulima chamba kwa zaka masauzande. Ku China ankapangira zingwe ndi nsalu, ku India ankachisakaniza m'zakumwa pa miyambo yachipembedzo. Kuchiletsa n'kwa dzulodzuloli. South Africa idachiletsa mu 1922. Pamsonkhano wa ku Geneva mu 1925, nthumwi za Egypt zidakakamira kuti malonda ake pakati pa maiko azilondolozedwa. Ku United States, Harry Anslinger, yemwe ankatsogolera nthambi yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, adafalitsa nkhani zoopseza zoloza chala anthu ochokera ku Mexico ndi anthu akuda, mpaka lamulo la 1937 lidatseka malondawo. Kenako pangano la United Nations la 1961 lidaika chamba pagulu limodzi ndi heroin, gulu la zinthu zoopsa kwambiri zomwe ankati zilibe phindu lenileni kuchipatala. Maiko ambiri adalemba malamulo awo potsatira panganoli.

Chimandikhudza pa mbiri imeneyi n'chakuti malamulo adatsogola, nzeru zidabwera pambuyo. Kapangidwe ka THC, chinthu chimene chimaledzeretsa m'chambamo, adakafotokoza ndi Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni ku Israel mu 1964, patatha zaka zitatu panganolo litasainidwa. Mu Disembala 2020, komiti ya United Nations yoona za mankhwalawa idavota 27 kwa 25 kuchotsa chamba pagulu loopsa kwambiri lija, potsatira malangizo a WHO. Chikadali pamndandanda wa zinthu zolondolozedwa, koma ntchito yake kuchipatala idavomerezeka.

Ndi maiko ati amene adaloleza kusuta, ndipo adachita motani?

Woyamba adali Uruguay, mu Disembala 2013, pa ulamuliro wa José Mujica. Iye ankafuna kulanda msika m'manja mwa magulu ozembetsa, ndiye lamulolo adalimanga mothina. Munthu amalembetsa kuboma n'kusankha njira imodzi: kudzala mitengo 6 pakhomo, kulowa kalabu ya anthu 15 mpaka 45, kapena kugula kufamase magalamu osaposa 40 pamwezi. Kutsatsa n'koletsedwa, ndipo mlendo wodzaona dziko sangagule.

Canada idatsatira pa 17 Okutobala 2018. Kumeneko kuli masitolo, munthu wamkulu amaloledwa kuyenda ndi magalamu 30, koma phukusi lake limakhala losakongoletsedwa, lolembedwa chenjezo. Chigawo cha Quebec chidakweza zaka zoyambira kufika pa 21. Ku United States anthu a ku Colorado ndi Washington adavota mu 2012, masitolo adatsegulidwa mu 2014, ndipo pofika 2023 zigawo zololeza zidakwana 24, ngakhale kuti lamulo la boma lalikulu likuletsabe kusuta. N'chifukwa chake mabanki ambiri amaopa ndalama za masitolowa, eni ake n'kumasunga milu ya ndalama m'masefa.

Ku Ulaya adasankha njira yopanda masitolo. Malta idayamba mu 2021, Luxembourg mu 2023, Germany pa 1 Epulo 2024. Ku Germany munthu wamkulu atha kuyenda ndi magalamu 25, kusunga 50 kunyumba, kudzala mitengo 3, kapena kulowa kalabu yosapanga phindu ya mamembala osaposa 500.

Ambiri amaganiza kuti Netherlands idaloleza kalekale, pamene zoona zake n'zakuti idangosankha kutsinzina. Kuyambira zaka za m'ma 1970, malo ena amagulitsa chamba chochepa, lero magalamu 5 kwa munthu, apolisi osawagwira, koma wolima amene amawabweretsera chambacho amakhala akupalamula. Khomo lakumaso n'lotseguka, lakumbuyo n'la zigawenga. Kuyesa kukonza zimenezi ndi alimi a ziphaso kudayamba mu Disembala 2023 m'mizinda ya Breda ndi Tilburg.

Nanga mu Africa zili pati?

Maiko ambiri atenga njira yachitatu ija. Lesotho idayamba kupereka ziphaso zolimira chamba cha mankhwala mu 2017, Zimbabwe mu 2018, Malawi idakhazikitsa lamulo lake mu 2020 pamodzi ndi bungwe la Cannabis Regulatory Authority, Morocco mu 2021. M'maiko onsewa wosuta amamangidwabe.

South Africa ndiyo idasiyana ndi anzake. Pa 18 Seputembala 2018, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti munthu wamkulu atha kulima ndi kusuta chamba payekha, pamalo pake, chifukwa kumuletsa n'kulowerera moyo wake wamseri. Mmodzi mwa amene adakasuma adali Gareth Prince, wa chipembedzo cha Rasta, yemwe adakanizidwa kukhala loya chifukwa cha milandu ya chamba. Cyril Ramaphosa adasaina lamulo lotsatira chigamulocho mu 2024, koma kugula ndi kugulitsa sikudaloledwe.

Chimene chimawawa pa njira ya ziphaso n'chakuti imafuna ndalama zambiri: mpanda, alonda, makamera, kuyezetsa ku labotale. Mlimi wamng'ono wa kumapiri a Lesotho, wa ku Pondoland ku South Africa kapena wa ku Rif ku Morocco, amene banja lake lalima tsambali kwa mibadwo, sangakwanitse. Ndiye kampani yakunja imalima mololedwa pansi pa denga la pulasitiki, iye akuthawabe apolisi ndi mbewu yomweyo. Morocco idazindikira mbali ina ya vutoli pamene mfumu Mohammed VI idakhululukira alimi a chamba oposa 4,800 mu Ogasiti 2024.

Kodi chamba chimapengetsadi?

Kwa ena inde, ndipo amene amakana zimenezi akudzichotsera okha ulemu pa mtsutsowu. N'zoona kuti ambiri amene adasutapo sadapenge. Koma kafukufuku wotsogozedwa ndi Marta Di Forti, yemwe adatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Psychiatry mu 2019, adaunika odwala m'malo 11 ku Ulaya ndi ku Brazil. Adapeza kuti osuta tsiku lililonse amakhala pangozi yodwala misala mowirikiza katatu poyerekeza ndi osasuta, ndipo ngati chimene akusutacho chili champhamvu, cha THC yofika 10 peresenti kapena kuposa, ngoziyo imawirikiza pafupifupi kasanu. Ngozi imakula kwambiri kwa woyamba ali wamng'ono, poti ubongo umapitiriza kukhwima mpaka munthu atayandikira zaka 25, komanso kwa amene kumtundu kwawo kuli kale wodwala matendawa.

Msuweni wanga adayamba ali ndi zaka 15. Adali mwana wochenjera pa masamu, wokonda kuseka. Atafika zaka 20 adayamba kutchinga mawindo ndi mabulangete dzuwa likuswa mtengo. Foni adaichotsa batire n'kuikulunga m'sokosi, ati anthu akumumvetsera. Usiku amayi ake ankamumva akuyankha mafunso amene palibe wamufunsa. Sindingalumbire kuti chamba chokha ndicho chidachita zimenezi, poti kumtunduko kudali kale wina wodwala chonchi. Chimene ndidaona n'chakuti akasiya miyezi ingapo n'kumamwa mankhwala a kuchipatala ankabwerera mwakale, akangoyambiranso mabulangete ankabwerera pawindo. Ndidaonanso kuti banja lidachedwa chaka chathunthu kupita naye kwa dokotala, kuopa kuti akakatchula chamba nkhani ikafika kupolisi. Lamulo loletsa silidamuteteze ngakhale tsiku limodzi, chifukwa wogulitsa sankafunsa zaka, koma lidakwanitsa kuopseza amayi ake kuti akhale chete.

Tisaiwalenso kuti chamba cha masiku ano si chija cha agogo. Chimene apolisi a ku United States ankalanda mu 1995 chinkakhala ndi THC pafupifupi 4 peresenti, pofika 2014 idali 12. M'masitolo a kumeneko lero 20 peresenti si yachilendo, ndipo phula lopangidwa kuchokera ku chamba limapitirira 70.

Ena amati chamba sichikola munthu ngati fodya. N'zoona?

Chimakola. Kwa nthawi yaitali madokotala ankati mwa osuta 10 mmodzi amakodwa, ndipo mwa oyamba ali achinyamata ndi mmodzi mwa 6. Bungwe la zaumoyo la CDC ku United States tsopano limati pafupifupi 3 mwa osuta 10 ali ndi vuto ndi kasutidwe kawo. Wozolowera akasiya amasowa tulo, amapsa mtima msanga, safuna kudya, amalota zoopsa, ndipo chibaba chimamuvuta sabata imodzi kapena ziwiri. Palinso vuto lina lomwe madokotala akuliona kwambiri mwa osuta zaka zambiri: munthu amasanza mosalekeza, m'mimba mukupota, ndipo amapezako bwino pokhapokha akakhala pansi pa madzi otentha kubafa. Mankhwala ake ndi kusiya basi.

Si chamba chimene chimatsegulira munthu njira ya cocaine ndi heroin?

Ambiri amene amagwiritsa ntchito mankhwala oopsawa adayamba ndi chamba, koma adayambanso ndi mowa ndi fodya, ndipo osuta chamba ochuluka sapitirira pamenepo. Njira yeniyeni nthawi zambiri imakhala wogulitsa, amene m'thumba limodzi muli chamba, m'thumba lina muli ufa. Kulekanitsa misika iwiriyi ndiko kudali cholinga cha Netherlands posintha lamulo lake mu 1976.

Mowa ndi fodya zimapha anthu ambiri koma n'zololedwa. Chamba chidalakwanji?

Funsoli lili ndi mphamvu. WHO imati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni pachaka, ndipo mowa udapha pafupifupi 2.6 miliyoni mu 2019. Munthu atha kufa usiku umodzi ndi mowa wochuluka, pamene chamba chokha sichiimitsa kupuma ngati mmene imachitira heroin. Wosuta akamaona woledzera akumenya mkazi wake osamangidwa, iye n'kugona m'chitokosi chifukwa cha kandudu kamodzi, ali ndi chifukwa chodandaulira.

Koma fodya yemweyo amatiphunzitsa zinanso. Akatswiri a ku Britain Richard Doll ndi Austin Bradford Hill adasonyeza mu 1950 kuti kusuta fodya kumayenderana ndi khansa ya m'mapapo. Pangano la maiko lochepetsa fodya lidabwera mu 2003. Zaka 53 zapakatizo makampani ankatsatsa, kukana umboni ndi kunyengerera andale, anthu akufa. Aliyense wofuna kuti chamba chikhale ngati fodya ayambe wawerenga mbiri imeneyi.

Kodi chamba ndi mankhwaladi?

Pa matenda ena, inde. Lipoti lalikulu la National Academies of Sciences ku United States la 2017 lidapeza umboni wokwanira pa zinthu zitatu: ululu wosatherapo kwa akuluakulu, nseru ndi kusanza kwa odwala khansa amene akulandira mankhwala amphamvu, ndi kuuma kwa minofu pa matenda a mitsempha ya ubongo otchedwa multiple sclerosis. Mu 2018 dzikolo lidavomereza Epidiolex, mankhwala opangidwa kuchokera ku CBD, chinthu cha m'chamba chomwe sichiledzeretsa, othandiza ana odwala mitundu iwiri yovuta ya khunyu, Dravet ndi Lennox-Gastaut. Kholo la mwana amene ankagwa kambirimbiri patsiku silingamvetse munthu wonena kuti tsambali lilibe ntchito.

Zoti chamba chimachiza khansa zilibe umboni, ndipo wosiya chithandizo cha kuchipatala chifukwa cha mafuta a m'kabotolo akuika moyo wake pachiswe. Mayi woyembekezera asasute, chifukwa mwana amatha kubadwa wochepa thupi. Ndipo kukhala mankhwala sikuyankha funso la kusuta: morphine amachokera ku mbewu yomwe imatulutsanso heroin, madokotala amamugwiritsa ntchito tsiku lililonse, koma sagulitsidwa pamsewu.

Ngati chili ndi zoopsa zonsezi, kumanga osuta kwalakwika pati?

Choyamba, sikugwira ntchito imene kudayambira. Patatha zaka zoposa 60 kuchokera pa pangano la 1961, ofesi ya United Nations yoona za mankhwala ndi umbanda idawerengera kuti anthu 228 miliyoni adagwiritsa ntchito chamba mu 2022. Maiko a zilango zowawa sakhala nthawi zonse ndi osuta ochepa kuposa maiko a zilango zopepuka.

Chachiwiri, taganizani za mnyamata wa zaka 19 amene amupeza ndi kachamba m'bokosi la machesi. Amuvula lamba ndi zingwe za nsapato, amulowetsa m'chitokosi. Mlandu ukuchedwa, ndiye akukhala milungu kapena miyezi pamodzi ndi othyola nyumba, sukulu ikupita. Akatuluka, chilango chenicheni ndiye chimayamba. Wapeza ntchito, akuti bweretsa kalata ya kupolisi yosonyeza kuti sudapalamulepo. Wapeza mwayi wa maphunziro kunja, fomu ya visa ikufunsa ngati adamangidwapo. Chamba chija chidatha mphamvu m'thupi pa maola ochepa, koma pepala likumutsatirabe ali ndi zaka 40 ndi ana atatu. Ngati cholinga chidali kumupulumutsa kuti moyo wake usawonongeke, ndiye tawononga tokha chimene timati tikuteteza.

Chachitatu, lamuloli silikhudza onse mofanana. Bungwe loteteza ufulu wa anthu la ACLU lidawerenga kuti pakati pa 2001 ndi 2010 apolisi a ku United States adamanga anthu maulendo oposa 8 miliyoni pa milandu ya chamba, 88 peresenti chifukwa chongopezeka nacho, ndipo wakuda ankamangidwa mowirikiza 3.7 kuposa mzungu ngakhale kuti kasutidwe kawo kadali kofanana. Kwina kulikonse chimasiyanitsa ndi thumba. Mwana wa olemera amasutira kuseri kwa mpanda wa njerwa, ndipo akagwidwa nkhani imathera pafoni. Mwana wa osauka amasutira poyera poti alibe kwina. Lamulo lophwanyidwa ndi anthu mamiliyoni limasanduka munda wa ziphuphu, chifukwa wapolisi amasankha yekha woti amugwire.

Maganizowa si a osuta okha. Mu 2018 atsogoleri a nthambi zonse za United Nations adagwirizana pa mfundo yolimbikitsa maiko kuti aleke kuzenga milandu anthu opezeka ndi mankhwala ochepa oti agwiritse ntchito okha.

Akaloleza, ana sayamba kusuta mochuluka?

Ili ndi funso limene makolo amafunsa koyamba, ndipo n'loyenera. Kafukufuku wa m'masukulu ku United States ndi ku Canada sadaonetse kukwera kwakukulu komwe ambiri ankaopa. Chidakwera ndi kusuta kwa akuluakulu, makamaka kwa tsiku ndi tsiku. Katswiri wofufuza Jonathan Caulkins adawerengera kuti mu 2022 anthu 17.7 miliyoni ku United States ankagwiritsa ntchito chamba tsiku lililonse kapena pafupifupi tsiku lililonse, kuposa anthu 14.7 miliyoni omwa mowa motero. Kumeneko kadali koyamba kuti chamba chipitirire mowa.

Ana amene adavulala ndi aang'onoang'ono, osati a kusekondale. Makampani adayamba kupanga maswiti ndi chokoleti zothira THC, ndipo mwana wa zaka zitatu akapeza paketi pa tebulo amadya yonse. Malipoti a ana osakwana zaka 6 amene adadya zoterezi ku United States adachoka pa 207 mu 2017 kufika pa 3,054 mu 2021. Quebec idaletseratu maswitiwo, ndipo ine ndikuona kuti idachita bwino.

Kodi malonda amseri amatha?

Amachepa, koma pang'onopang'ono. Ku Canada, patatha zaka zisanu, pafupifupi osuta 7 mwa 10 ankati amagula mwalamulo. Ku California malonda amseri akadali aakulu chifukwa msonkho ndi wokwera ndipo matauni ambiri adakana masitolo. Ku Uruguay ena safuna kulembetsa dzina lawo kuboma. Apa pali mfundo yovuta kumasula: ukatsitsa mtengo kuti ugonjetse ozembetsa, anthu amasuta kwambiri, ukakweza kuti asute pang'ono, ozembetsa amabwerera. Palibe dziko lomwe lidaimasula kotheratu.

Boma silingapindule ndi msonkho?

Lingapindule, koma osati mmene andale amalonjezera. Colorado idatolera ndalama zoposa madola 2 biliyoni m'zaka zisanu ndi zitatu zoyambirira, zomwe ndi kachigawo kakang'ono ka bajeti ya chigawocho. Walira mvula walira matope: pa ndalamazo muchotsepo za oyendera masitolo, ma labotale, ndi mabedi a odwala matenda a ubongo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kumene phindu limachokera. Munthu wosuta kamodzi pamwezi salemeretsa aliyense. Malonda amayenda chifukwa cha osuta m'mawa, masana ndi usiku, ndiye kampani yofuna kukula iyenera kuchulukitsa anthu oterowo. Mu 2018 Altria, eni ake a fodya wa Marlboro ku United States, idaika madola 1.8 biliyoni mu kampani ya chamba ya Cronos, ndipo Constellation Brands, ya mowa, idaika pafupifupi 4 biliyoni mu Canopy Growth. Boma likazolowera msonkho wa chamba, nalonso limayamba kufuna kuti anthu asasiye.

Alipo amene adayesa n'kubwerera m'mbuyo?

Alipo. Thailand idachotsa chamba pamndandanda wa mankhwala oletsedwa mu Juni 2022 lamulo loyendetsera malonda lisanakonzedwe. Masitolo masauzande adamera ngati bowa, makamaka m'malo a alendo, ndipo mu Juni 2025 boma lidalamula kuti wogula azionetsa kalata ya dokotala. Nkhanga zidapangana kusanapse, koma kumeneko adayamba kupangana moto uli kale m'tchire.

Oregon, chigawo cha United States, idavota mu 2020 kuleka kumanga opezeka ndi mankhwala aliwonse ochepa, potengera Portugal, ndipo idabweza zilango mu 2024. Nkhaniyo idali ya fentanyl, mankhwala amphamvu kuposa heroin, osati chamba, koma phunziro lake likutikhudza. Portugal idakonzeratu malo othandizirako okodwa ndi njira yowafikitsira kumeneko. Ku Oregon thandizo lidachedwa, anthu akungopatsidwa kapepala kokhala ndi nambala ya foni yomwe ambiri sadaimbe.

Nanga woyendetsa galimoto atasuta?

Chamba chimachedwetsa maganizo ndi manja, ndipo chikasakanikirana ndi mowa ngozi imakula kwambiri. Vuto ndi kuyeza, chifukwa zotsalira zake zimakhala m'thupi masiku kapena milungu munthu atatsitsimuka kale. Canada ndi Germany adaika malire a THC m'magazi, koma akatswiri akutsutsanabe ngati malirewo amasonyezadi amene waledzera.

Ndiye lamulo labwino lingaoneke bwanji?

Ndikadakhala ndi mpando m'nyumba ya malamulo, ndikadayamba ndi kuleka kumanga osuta, chifukwa pamenepo umboni ndi womveka ndipo phindu lake limaoneka tsiku lomwelo. Ndalama za milandu ndi ndende zipite kwa anamwino ndi alangizi a matenda a ubongo, kuti mayi ngati wa msuweni wanga athe kunena chilungamo kwa dokotala mopanda mantha.

Pa kugulitsa ndikadayenda pang'onopang'ono, motsamira ku Uruguay ndi Germany kusiyana ndi Colorado. Pasakhale kutsatsa, pasakhale maswiti, mphamvu ya THC ikhale ndi malire ndipo ilembedwe paphukusi, zaka zoyambira zikhale 21, wogulitsa kwa mwana alandire chilango chowawa. Ziphaso zikhale zoti mlimi wamng'ono atha kuzifikira kudzera m'magulu, ndipo makampani a fodya ndi mowa asaloledwe kugula gawo. Ndikudziwa kuti ena amene ndimagwirizana nawo pa za ndende adzati ndathinitsa kwambiri. Lamulo lothina utha kulimasula chaka chamawa, koma makampani akangozika mizu n'kuyamba kuthandiza zipani pa chisankho, kuwabweza kumatenga m'badwo wathunthu, monga tidaonera ndi fodya.

Nanga amene adamangidwa kale, lamulo likasintha zimawathera bwanji?

Sizichitika zokha. Munthu atha kudutsa pakhomo pa sitolo yogulitsa chamba mwalamulo akuchokera kumene amukaniza ntchito chifukwa cha mlandu wa chamba wa zaka 15 zapitazo. Joe Biden adakhululukira mu Okutobala 2022 opezeka ndi chamba pansi pa lamulo la boma lalikulu, ndipo bwanamkubwa wa Maryland, Wes Moore, adakhululuka milandu pafupifupi 175,000 mu Juni 2024. Germany idaika chikhululukiro m'lamulo lenilenilo, oimira boma pa milandu n'kuyamba kutsegula mafayilo akale limodzilimodzi.

Canada idachita mwa njira ina mu 2019: idati aliyense apemphe yekha, osalipira fomu. Adapempha ndi ochepa kwambiri. Munthu ankayenera kukatenga zidindo za zala, kukafufuza zikalata kukhoti lomwe lidamuweruza, mwina m'tauni imene adachokako kalekale, n'kujomba kuntchito masiku angapo. Amene adavulazidwa kwambiri ndi mlanduwo ndi amene adalibe nthawi kapena ndalama zoyendera. Boma ndilo lili ndi kaundula, ndilo lidalemba mainawo, choncho lifufute lokha n'kutumizira munthuyo kalata yomuuza kuti dzina lake layera.